Chimbale chimodzi, makope asanu: zimene otolera nyimbo za The Beatles amagula kwenikweni

Gulu la oimba anayi a ku Britain la The Beatles linapasuka mu 1970. Zimbale zimene linasiya, tikawerenga monga kampani yawo imawerengera masiku ano, zilipo 13, ndipo zonse zinajambulidwa m'zaka zosakwana 8. John Lennon anaphedwa mu 1980, George Harrison anamwalira mu 2001. Koma mukalowa m'nyumba ya munthu wotolera nyimbo zawo, mupeza chimbale cha Revolver chili pa shelefu kanayi kapena kasanu: mbale ya galamafoni ya 1966, CD ya 1987, CD ya 2009, mbale ya mono ya 2014, ndi bokosi lalikulu la 2022. Mlendo amangoti mwini nyumba ndalama zamuchulukira. Mwini nyumbayo adzakuuzani kuti pa zisanuzo palibe ziwiri zomveka mofanana, ndipo pamenepo sakunama.

Pamene ambiri amasochera ndi poganiza kuti chotuluka kumene ndicho chabwino koposa, kapena kuti chizindikiro cha "remastered" pachikuto ndi umboni wa ubwino. Chizindikirocho chimangonena kuti wina anagwirapo. Sichinena tepi imene anagwira, zimene anasintha, kapena khutu limene anali nalo.

Nyimbo imadutsa m'manja atatu

Nthawi ya The Beatles mu situdiyo munalibe kompyuta. Mawu ankapita pa tepi ya maginito, yonga ya m'kaseti koma yaikulu, yokulungidwa pa mawilo awiri. Tepiyo inkagawika m'mizere, ndipo mzere uliwonse unkasunga mawu akeake. Chimbale choyamba, Please Please Me, chinajambulidwa pa makina a mizere iwiri yokha, ku situdiyo za kampani ya nyimbo ya EMI pa msewu wa Abbey Road ku London, ndipo nyimbo 10 mwa 14 zimene zili mmenemo zinajambulidwa tsiku limodzi, pa 11 February 1963. Zida zoimbira zinkapita mzere umodzi, mawu a oimba mzere winawo. Makina a mizere inayi anayamba kuwagwiritsa ntchito mu October 1963, a mizere 8 mu 1968.

Tepi ya mizere imeneyi si imene anthu ankamva. Pankatsatira ntchito yachiwiri, ya mix. George Martin, amene ankatsogolera kujambula, ankakhala pansi ndi injiniya n'kumasankha kuti gitala ikwere bwanji poyerekeza ndi ng'oma, mawu a woimba akhale patsogolo motani, nyimbo iyende pa liwiro lanji, ithere pati. Zotsatira zake zinkajambulidwa pa tepi ina, ndipo imeneyo ndiyo master. Pa master zonse zaphatikana kale, simungazule gitala yokha n'kuisiya pambali.

Ntchito yachitatu ndi mastering, kukonzera master ija chinthu chimene wogula adzaike m'makina ake. M'ma 1960 chinthucho chinali mbale, ndipo mbale ili ndi malire. Besi ikachuluka, kanjira ka singano kamakhota kwambiri, ndipo singano ya galamafoni yotchipa imalumpha. Nyimbo zikachuluka mbali imodzi, timinjira timathinana ndipo mawu amatsika. Wodula mbale ankachepetsa besi ndi kupanikiza malo okwera kwambiri kuti wogula asabweze katundu kusitolo. Oimbawo zinkawapweteka kuti mbale zawo zinalibe besi yamphamvu yonga ya mbale za ku America, mpaka mu 1966, pojambula "Paperback Writer", mainjiniya anasandutsa sipika kukhala maikolofoni kuti besi ya Paul McCartney ilowe yonenepa.

Remaster ndi kubwereza ntchito yachitatu yokha: kutenga master yakale, kuiwerenga ndi makina abwino, kukonza apa ndi apo, n'kuikonzera CD, mbale yatsopano kapena intaneti. Remix ndi kubwerera ku ntchito yachiwiri, kutsegulanso matepi a mizere aja n'kusankha mwatsopano chilichonse. Remaster ili ngati kutenthetsa ndiwo zophikaphika n'kuwazapo kamchere, pamene remix ndi kutenga nyama, tomato ndi anyezi zomwezo n'kupatsa wophika wina. Ogulitsa ambiri, ngakhale olemba nkhani, amasakaniza mawu awiriwa, ndipo wogula amene sawasiyanitsa amalipira chinthu chimene sanafune.

Mono, imene achinyamata amaiyesa yachikale

Munthu wa lero akamva kuti mono ndi mawu otulukira njira imodzi, stereo njira ziwiri, amaganiza kuti nkhani yatha, ziwiri zimaposa imodzi. Kwa The Beatles sizili choncho, ndipo apa ndiye pagona mtima wa kutolera konseku.

Ku Britain m'ma 1960 achinyamata ogula nyimbo za rock anali ndi magalamafoni a sipika imodzi, wailesi nazonso zinkaulutsa mono. Stereo inali ya anthu ochepa, akuluakulu a ndalama. Choncho mix ya mono ndiyo inkatengedwa ngati yeniyeni. Ndiyo imene ankaithera nthawi, ndipo oimbawo atayamba kulowerera pa ntchito ya mix, ndiyo imene ankakhalapo. Ya stereo kawirikawiri inkapangidwa pambuyo, mwachangu, eni nyimbo atapita kwawo. Mono siinali stereo yophatikizidwa ayi. Zinali ntchito ziwiri zosiyana, zochitika masiku osiyana, ndi manja pa mabatani, popanda kompyuta yokumbukira zimene anachita dzulo.

Kusiyana kwake kumamveka ngakhale kwa munthu wopanda khutu la katswiri. Pa Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, cha 1967, nyimbo ya "She's Leaving Home" ya mono imathamangirapo ndipo mawu a McCartney ndi okwererapo, pamene ya stereo imayenda mokoka. Pa chimbale choyera cha 1968, chimene onse amachitcha White Album, "Helter Skelter" ya stereo imazilala, n'kubwereranso, n'kuthera pa woimba ng'oma Ringo Starr akufuula kuti zala zake zatuluka matuza. Ya mono imazilala kamodzi basi, ndi yaifupi ndi pafupifupi mphindi imodzi, ndipo kufuulako mulibemo. Amene anakula ndi imodzi akamva inayo amaganiza kuti makina awonongeka.

Pa zimbale ziwiri zoyambirira vuto ndi lalikulu. Poti tepi inali ya mizere iwiri, stereo yake inali kungoponya mzere umodzi kumanzere, wina kumanja. Mukamvera pa mahedifoni, khutu limodzi limamva zida, linalo limamva oimba ali okhaokha, pakati pali bwalo. Mizere iwiriyo inalipo kuti athe kulinganiza mawu ndi zida popanga mono, sanaikonzere kuti munthu aimve itapatukana chotero. Kwa ine, aliyense wofuna kumva mphamvu ya gululi lili lanthete ayambe ndi mono, pamene ng'oma, besi ndi mawu zimabwera pamodzi ngati chibakera.

White Album ndicho chimbale chomaliza kukhala ndi mix yakeyake ya mono. Abbey Road cha 1969 ndi Let It Be cha 1970 zinapangidwa za stereo zokha, ndipo panthawiyo anali ataidziwa bwino ntchitoyo. Palinso nyimbo zochepa, monga "Love Me Do" ndi "She Loves You", zimene matepi ake a mizere anafufutidwa kapena kutayika kalekale, moti chotsala ndi mono yokha.

Ku America nkhani inasokonekera kwina. Kampani ya Capitol Records inkadula zimbale za ku Britain, zimene zinkakhala ndi nyimbo 14, n'kupanga zake za nyimbo 11 kapena 12, ndi mayina ena monga Meet the Beatles! ndi Yesterday and Today. Revolver ya ku America inatuluka yopanda nyimbo zitatu zoimbidwa ndi Lennon. Pa nyimbo zina ankawonjezera kulira kwa m'phanga kumene amati reverb, pa zina ankapanga stereo yabodza kuchokera ku mono. Amene anakulira kumeneko amakonda zimenezo, chifukwa ndizo anamva ali ana, ndipo mabokosi a The Capitol Albums a 2004 ndi 2006 anapangidwira iwowo. Bokosi la The U.S. Albums la 2014 linabweza zikuto ndi ndandanda ya ku America, koma mawu ambiri anatengedwa ku remaster ya ku Britain ya 2009, ndipo otolera ena anakhumudwa poona kuti chovala ndi cha ku America, thupi la ku London.

1987, 2009, 2012, 2014

Ma CD oyamba a zimbale zonse za The Beatles anatuluka mu 1987, mochedwa poyerekeza ndi a oimba ena. Apa ndi pamene anakhazikitsa ndandanda imene dziko lonse limatsata lero: zimbale za ku Britain, kuwonjezapo Magical Mystery Tour monga inatulukira ku America, ndi Past Masters ya 1988 yosonkhanitsa nyimbo zimene zinatuluka pa timbale tating'ono tokha. Zimbale zinayi zoyambirira zinatuluka za mono, zotsalazo za stereo. Help! ndi Rubber Soul George Martin sanakhutire ndi stereo yake ya 1965, ndiye anazipangira mix yatsopano. Anthu ambiri amene amati amadziwa Rubber Soul "yoyambirira" amadziwa remix ya m'ma 1980 osazindikira.

Ma CD amenewa anakhala pamsika zaka 22. Ena amawanyoza kuti ndi owonda mawu. Ena amawateteza kuti sanagwidwegwidwe. Onse ali ndi mfundo, koma makina osandutsira tepi kukhala manambala a kompyuta anali atapita patsogolo kwambiri pofika m'ma 2000.

Pa 9 September 2009 panatuluka remaster imene mpaka lero ndiyo muyezo. Gulu la mainjiniya a ku Abbey Road, lotsogozedwa ndi Allan Rouse, momwe munali Guy Massey, Steve Rooke, Paul Hicks, Sean Magee ndi Sam Okell, linathera zaka zinayi pa ntchitoyi. Anawerenga matepi a master nyimbo imodziimodzi, akupukuta mitu ya makina nyimbo iliyonse ikatha. Anagwirizana lamulo losavuta kunena koma lovuta kusunga: cholakwika cha makina, monga kuthetheka kwa magetsi, kuphulika kwa mpweya pa maikolofoni kapena polumikiza tepi molakwika, chikonzedwe, koma chochokera kwa oimba, kupuma, kutsokomola, kulira kwa mpando, chisiyidwe. Makina ochotsa kaphokoso ka tsiii ka tepi, amene m'ma 1990 anawononga zimbale zambiri za oimba ena pochotsera kumodzi ndi moyo wa nyimbo, anawagwiritsa ntchito pa mphindi zosakwana zisanu mwa mphindi 525.

Panatuluka mabokosi awiri. Lakuda, la stereo, linali ndi ma CD 16 ndi DVD. Loyera, The Beatles in Mono, linali ndi ma CD 13, aliyense m'kachikuto kotsanzira chikuto cha mbale yoyambirira, ndipo linalibe Yellow Submarine, Abbey Road ndi Let It Be. M'bokosi loyerali anaikamonso stereo ya 1965 ya Help! ndi Rubber Soul, pamene lakuda linatenga remix ya 1987 ija. Ndiye kuti wofuna stereo yoyambirira ya zimbale ziwirizi amayenera kugula bokosi la mono. Zoseketsa, koma ndi mmene zilili.

Panalinso kusiyana kwina kumene otolera amakangana nako mpaka pano. Kuyambira m'ma 1990 makampani a nyimbo anakhala pa mpikisano wokweza mawu, umene amautcha loudness war. Pa CD pali denga limene mawu sangalidutse, ndiye kuti nyimbo imveke yokwera amaphwanya nsonga zake, monga kugunda kwa ng'oma, n'kukweza zotsalazo kufika pafupi ndi dengalo. Poyamba zimamveka zamphamvu, koma pakapita mphindi 20 khutu limatopa, chifukwa palibe potsika ndi pokwera, zonse zili pamwamba. Remaster zambiri za magulu akale zinawonongeka motero, ndipo n'chifukwa chake CD yakale ya m'ma 1980 nthawi zina imaposa "yokonzedwa" ya m'ma 2000. Pa stereo ya The Beatles ya 2009 anapanikiza pang'ono, modziletsa. Pa mono sanapanikize n'komwe.

Mbale zitayambanso kugulidwa, mu 2012 panatuluka bokosi la mbale za stereo. Zinadulidwa kuchokera ku mafayilo a kompyuta a 2009 aja, osati ku matepi, ndipo okonda mbale anang'ung'udza kuti akugula CD yovala mbale. Kampani inamva. Mu September 2014 panatuluka bokosi la mbale 14 za mono, zimene Sean Magee ndi Steve Berkowitz anadula molunjika kuchokera ku matepi a master, popanda kompyuta pakati, akutsata zolemba za odula mbale a m'ma 1960 ndi kuyerekeza ndi mbale zoyambirira. Pa zonse zimene zatulukapo, limeneli ndilo otolera ambiri amagwirizana kuti linakhoza, ndipo litatha m'masitolo mtengo wake kwa ogulitsa zakale unakwera kangapo.

Komabe tisamapembedze mawu oti analogue, kutanthauza nyimbo yosadutsa pa kompyuta. Mu 2022 zinadziwika kuti kampani ya ku America ya Mobile Fidelity Sound Lab, yotchuka ndi mbale zodula za oimba osiyanasiyana, inali ikudutsitsa matepi pa kompyuta kwa zaka zambiri isanadule mbale zimene ogula ankaziyesa za analogue yokhayokha. Nkhani inafika kukhoti. Chochititsa manyazi n'chakuti akatswiri a makutu akuthwa anali akuziyamikira mbalezo zaka zonsezo osamva kalikonse kokayikitsa. Chimene chimamveka kwambiri ndi tepi imene anayambira ndi zosankha za injiniya, osati kuti panadutsa kompyuta kapena ayi.

Mwana wa George Martin atsegula matepi

George Martin anamwalira mu 2016. Chaka chotsatira, Sgt. Pepper itakwanitsa zaka 50, mwana wake Giles Martin pamodzi ndi Sam Okell anatulutsa remix ya chimbale chonse. Panatsatira White Album mu 2018, Abbey Road mu 2019, Let It Be mu 2021 ndi Revolver mu 2022. Apa tachoka ku remaster, talowa kophikanso.

Chifukwa chochitira zimenezi chili m'mene ankajambulira. Sgt. Pepper ili ndi zida zambirimbiri, koma makina anali a mizere inayi. Mizere ikadzaza, ankaiphatikiza n'kuijambulira pa mzere umodzi kapena iwiri ya tepi ina, kuti papezeke malo owonjezera zina. Nyimbo zina zinadutsa motero kawiri kapena katatu. Amene anakopapo kaseti kuchokera ku kaseti inzake akudziwa zimene zimachitika: kope lililonse limataya kuwala, kaphokoso kamachuluka. Ng'oma ndi zida zojambulidwa poyambirira ndizo zinkavutika kwambiri. Mwamwayi EMI inasunga matepi oyambirira aja. Giles Martin anawatenga onse, kuwayendetsa pamodzi pa kompyuta, n'kupeza mizere yambiri kuposa imene bambo ake anali nayo tsiku la mix. Ng'oma za Ringo zinatuluka poyera, mawu a woimba anabwera pakati, ndipo potsata zofuna za oimbawo anatengera mono, moti "She's Leaving Home" ya 2017 imayenda pa liwiro la mono ngakhale ili ya stereo.

Revolver inakana njira imeneyi. Mu 1966 kawirikawiri ankajambula ng'oma, besi ndi gitala pa mzere umodzi nthawi imodzi, ndiye panalibe tepi ina yoyambirira yobwererako. Yankho linachokera ku New Zealand. Popanga filimu ya Get Back ya 2021, gulu la wopanga mafilimu Peter Jackson linakonza pulogalamu ya kompyuta yophunzira kuzindikira mawu, imene anaitcha MAL, kuti ilekanitse zolankhula za oimba ndi kulira kwa magitala pa matepi a mono a 1969. Pulogalamu yomweyo inaphwasula mizere ya Revolver, gitala payokha, besi payokha, ng'oma pazokha. Mverani "Taxman" ya stereo yakale pa mahedifoni: ng'oma, besi ndi gitala zaunjikana khutu limodzi. Ya 2022 zamwazikana bwino, besi ndi ng'oma zili pakati. Ndi njira yomweyonso imene inazula mawu a Lennon pa kaseti yakale ya kunyumba, pomwe piyano inkawaphimba, kuti nyimbo ya "Now and Then" ituluke pa 2 November 2023.

Kodi remix zimenezi ndi zabwino? Zambiri ndi zokoma kumva, makamaka pa mahedifoni ndi pa foni, kumene anthu ambiri amamvera nyimbo lero. Ya Revolver ndi ya Sgt. Pepper zinali ndi chifukwa chomveka, poti stereo yakale inali yopunduka. Ya Abbey Road chifukwa chake n'chochepa, poti ya 1969 inali yabwino kale. Chimene chimandidetsa nkhawa si kukoma kwake koma malo amene zikutenga. Pa Spotify ndi Apple Music, kumene nyimbo za gululi zinafika pa 24 December 2015, wachinyamata amangodina chimene chabwera pamwamba, osayang'ana chaka cholembedwa pambali pa dzina la nyimbo. Akhoza kukula akuganiza kuti 1966 inkamveka ngati 2022. Remix ndi maganizo a munthu wina pa ntchito ya anzake, ngakhale McCartney, Starr ndi mabanja a Lennon ndi Harrison anavomereza. Malinga zakalezo zikupezekabe pambali pake, palibe mlandu.

Zotsala za mu situdiyo

Chimene chimakulitsa mabokosi ndi kukweza mtengo wake ndi zotsala: nyimbo zoyeserera, zolakwitsa, zokambirana. Bokosi la White Album lili ndi ma CD 6 ndi Blu-ray, ndipo mkati mwake muli nyimbo 27 zimene anajambula ndi magitala opanda magetsi kunyumba kwa Harrison ku Esher mu May 1968, atangobwera kuchokera ku India. Zimenezi ndi chimbale pachokha, ndipo munthu amabwererako. M'bokosi la Revolver muli kachidutswa ka Lennon akuimba yekha chiyambi cha "Yellow Submarine" ngati nyimbo yachisoni, kutalitali ndi nyimbo ya ana imene Ringo anadzaimba. Zoterezi zimasintha mmene umamvera nyimbo imene unkaganiza kuti umaidziwa.

Koma tinene zoona, zambiri mwa zotsalazi munthu amazimva kamodzi n'kubweza CD m'bokosi. Ulendo wachisanu ndi chiwiri woyeserera nyimbo, umene unaima pakati chifukwa wina analakwitsa, ndi wofunika kwa wolemba mbiri, osati kwa amene akufuna nyimbo Loweruka madzulo.

Palinso chifukwa cha malamulo chimene chimatulutsa zotsala. Ku Ulaya umwini wa nyimbo yojambulidwa unkatha pakapita zaka 50. Mu 2013 anauwonjezera kufika zaka 70, koma nyimbo imene siinatulutsidwe m'zaka 50 zoyambirira imataya chitetezocho, aliyense akhoza kuigulitsa. N'chifukwa chake mu December 2013 panatulukira mwakachetechete pa iTunes nyimbo 59 pansi pa dzina la Bootleg Recordings 1963, masiku ochepa chaka chisanathe. Bob Dylan ndi The Beach Boys anachitanso zofanana. Mukaona bokosi la "zaka 50", dziwani kuti chikondwerero ndi loya nthawi zina amayendera limodzi.

Kutolera chinthu ndi kutolera mawu

Otolera ali mitundu iwiri, ngakhale ambiri ali ndi magazi a yonse. Ena amafuna mawu abwino koposa. Ena amafuna chinthu chosowa, ndipo kwa iwo kumveka kwake si nkhani. Mbale ya White Album ya Ringo Starr, yokhala ndi nambala 0000001 pachikuto, inagulidwa madola 790,000 a ku America pa msika wa okushoni mu December 2015, ndipo wogulayo sanalipire mawu. Chimodzimodzi chikuto choyamba cha Yesterday and Today cha 1966, pomwe anayiwo anavala makhoti oyera a ogulitsa nyama atanyamula zidutswa za nyama ndi zidole zoduka. Capitol inachibweza m'masitolo anthu atadandaula, n'kumata chithunzi china pamwamba, ndipo mpaka lero otolera amayang'anitsitsa zikuto zakale kuti aone ngati pansi pali chobisika.

Pa mbale iliyonse, pakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala la pakati, pali malo osalala pomwe pamadindidwa kapena kulembedwa timanambala. Amenewo ndiwo amauza wodziwa kuti mbale inadulidwa ulendo wachingati. Revolver ya mono yokhala ndi XEX 606-1 mbali yachiwiri ili ndi mix ina ya "Tomorrow Never Knows", imene inasinthidwa kusindikiza kutangoyamba, moti makope ake ndi ochepa ndipo ndi odula. Mix imeneyo anadzaiika m'bokosi la 2022. Wofuna kungoimva tsopano ali nayo motchipa, koma mtengo wa mbale yakaleyo kwa otolera zinthu ndi nkhani ina.

Kwa munthu amene akuyamba, ndipo ndalama zake ndi zowerengeka, ndinganene izi. Mverani kaye pa intaneti stereo ya 2009 ndi remix, nyimbo yomweyo motsatizana, koma mulinganize kukwera kwa mawu ndi dzanja lanu, chifukwa khutu la munthu limanamizika msanga, chokwera pang'ono limachiyesa chabwino. Mukasankha kugula, bokosi la mono, la ma CD kapena la mbale, ndilo limakupatsani chimene simungachipeze mosavuta kwina, kenako Abbey Road ndi Let It Be pazokha. Mabokosi akuluakulu a chimbale chimodzi gulani a chimbale chimene mumachikonda kale kwambiri, osati onse chifukwa choti shelefu ioneke yodzaza.

Wogula ali ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata ali ndi mavuto ena owonjezera. Bokosi la mbale limalemera makilogalamu angapo, ndipo ndalama yotumizira pamodzi ndi msonkho wa pachipata zikhoza kuyandikira mtengo wa bokosilo. Mbale imapindika ikatentha, ndiye kuisiya m'galimoto yotseka mu October n'kuitaya. Isungidwe choimirira, kutali ndi dzuwa ndi khoma la chinyezi. Ma CD savuta chotero, ndipo wachibale wochokera ku Johannesburg kapena ku London akhoza kuwanyamula m'chikwama cha m'manja.

Choopsa chachikulu ndi zachinyengo. Mabokosi onse awiri a 2009 anakopedwa kwambiri, ndipo abodza adzaza m'misika ya pa intaneti, atakulungidwa m'pulasitiki ngati atsopano. Bokosi la mono logulitsidwa "latsopano" pa mtengo wa ma CD awiri kapena atatu ndi labodza, musavutike n'kufunsa. Zithunzi za pa zikuto zabodza zimakhala zosawala bwino kapena zamitundu yolakwika, zilembo zing'onozing'ono zimakhala zopakika, makatoni ndi opyapyala omatidwa mokhota, ndipo m'kabuku nthawi zina mumapezeka mawu olembedwa molakwika. Musanatumize ndalama, pemphani wogulitsa ajambule kumbuyo kwa CD imodzi, pa mkombero wonyezimira wozungulira bowo, pomwe pali manambala a fakitale. Muwayerekeze ndi olembedwa pa webusaiti ya Discogs, kumene otolera amalemba tsatanetsatane wa kope lililonse lodziwika, kuphatikizapo abodzawo. Wogulitsa wokana kujambula malo amenewo musiyeni.